MOWA NDI SITERINGI: NDALAMA ZOTHANDIZA APOLISI ZIMACOKERA KUTI, NDIPO ZIMAGULA CIANI?

Mseu waukulu wa Great North Road umapyola pakati penipeni pa tauni ya Kabwe. Usana ndi usiku mumadutsa mathiraki opita ku migodi ya ku Copperbelt, ku Nakonde ndi ku Congo, mabasi akuluakulu ocokera ku Lusaka, maminibasi, matekisi, njinga zamoto ndi njinga zopalasa. Munthu wa ku Mpima amene apita ku tauni kukagulitsa ndiwo zamasamba, kukalandira mankhwala ku cipatala kapena kuperekeza mwana ku sukulu amakumana ndi oyendetsa onsewa. Moyo wake uli m'manja mwa munthu amene sam'dziwa, ndipo alibe njira yodziwira ngati munthuyo wamwa mowa kapena iai.

Ziwerengero za apolisi zionetsa kuti mu 2021, 2022 ndi 2023 anthu oposa 2,000 anali kufa pa miseu ya Zambia caka ciliconse, ndipo ambiri mwa iwo anali oyenda pansi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni anafa pa ngozi za pamseu mu 2021, ndiponso kuti ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi acinyamata a zaka 5 mpaka 29. Ici ndico cifukwa cake nkhaniyi ili pa tsamba la za umoyo. Wothyoka mwendo pa ngozi amagona pa bedi ya cipatala masabata ambiri, amafuna magazi, mankhwala ndi womudwazika, ndipo nthawi zambiri amakhala ndiye wopezera banja cakudya.

Anthu a cigawo cathu ca Pakati sanaiwale tsiku la 7 February 2013, pamene basi ya Post Bus inaombana ndi thiraki ku Chibombo ndi kupha anthu oposa 50. Ngoziyo inayamba pamene galimoto ina inafuna kupitirira pamalo osayenera. Inationetsa kuti pa mseu uwu kulakwitsa kwa kamphindi cabe kumadya miyoyo yambiri. Mowa umacurukitsa kulakwitsa kotereku.

MOWA UMACITA CIANI M'THUPI LA WOYENDETSA?

Mowa sudikira kugayidwa monga nsima. Umalowa m'magazi kupyolera m'cifu ndi m'matumbo aang'ono, ndipo pakangopita mphindi zocepa umakhala utafika ku ubongo. Mphamvu yake m'magazi imafika pacimake pakati pa mphindi 30 ndi 90 cimwereni. Womwa wopanda kudya amaledzera msanga kuposa amene wadya, ndipo wocepa thupi amaledzera msanga kuposa wamkulu thupi ngakhale amwe mofanana.

Coyamba kuonongeka ndi nzeru zoweruzira zinthu. Munthu amayamba kudziona ngati katswiri, amaponda mafuta kwambiri ndi kupitirira magalimoto ena pamakona. Kenaka maso amaleka kuona bwino za m'mbali mwa mseu, makamaka usiku, ndipo phazi limacedwa kufika pa buleki. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akacedwa ndi sekondi imodzi yokha, mamita 22 amenewo ndiwo amasiyanitsa mwana woulukira mseu wamoyo ndi mwana wakufa.

Madokotala amapima mowa m'magazi mwa kuwerenga magalamu ake mu mamililita 100 a magazi. Kufufuza kumene bungwe la boma la America loona za citetezo ca pamseu, NHTSA, linafalitsa mu 2015 kunapeza kuti woyendetsa wa mulingo wa 0.05 ali pa ciopsezo ca ngozi pafupifupi kawiri kuposa amene sanamwe. Pa 0.08 ciopsezo cimakhala pafupifupi kanai, ndipo pa 0.15 cimafika pa nthawi 12.

Cimene cimacotsa mowa m'thupi ndi ciwindi, ndipo sicifulumizidwa ndi munthu. Cimacotsa pafupifupi magalamu 10 pa ola, pamene botolo limodzi la mowa wa lager la mamililita 375 limakhala ndi magalamu 12 mpaka 15. Khofi, madzi ozizira, kusamba, kutafuna cingamu kapena kudya nyama yootca sizicotsa mowa m'magazi ngakhale pang'ono. Mulingo umatsika ndi pafupifupi 0.015 pa ola. Tsono tiyeni tiwerenge pamodzi. Dalaivala wa minibasi amene wagona pa 24:00 ali ndi mulingo wa 0.15, akadzuka pa 04:00 kukayamba nchito amakhala akali ndi 0.09. Iye aganiza kuti wagona ndipo mowa watha, koma magazi ake akali a munthu woledzera, ndipo m'galimoto mwake muli ana a sukulu ndi amai a pamsika.

Kacasu ndi woopsa mwapadera cifukwa mphamvu yake imasiyana malinga ndi wophika, kotero womwa sangadziwe kuti wamwa woculuka bwanji. Mowa wamasese nawo umapitiriza kuwira uli m'cigubu, ndipo wa dzulo umakhala waukali kuposa wa lero. Si mowa wokha umene umasokoneza woyendetsa. Camba, mankhwala a cimfine monga Piriton, mankhwala ena a cifuwa ndi mapilisi ogonetsa zimabweretsa tulo ndi kucedwa kuganiza. Zikasakanizidwa ndi mowa, kuopsa kwake kumakula kwambiri.

LAMULO LIKUTI CIANI?

Lamulo la Road Traffic Act la 2002 limaletsa kuyendetsa galimoto munthu ataledzera ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, ndipo limapatsa apolisi ndi maofisala a pamseu mphamvu yopima woyendetsa. Lipoti la WHO la 2018 linaonetsa kuti malire a Zambia anali 0.08, monganso a Malawi. Bungwe la WHO limalangiza maiko kuika malire pa 0.05, ndipo kwa acinyamata ndi ongoyamba kuyendetsa pa 0.02. Dziwani kuti kukhala pansi pa malire a lamulo sikutanthauza kuti muli bwino. Monga taonera, ciopsezo cimayamba kukwera munthu asanafike pa 0.08.

Pali malamulo enanso okhudza mowa weniweniwo. Lamulo la Liquor Licensing Act la 2011 linapatsa makhonsolo nchito yopereka malaisensi a mabala ndi kuona kuti akutsegula ndi kutseka pa maola ololedwa, ndiponso kuti sakugulitsa mowa kwa ana osafika zaka 18. Mu April 2012 boma linaletsa tujilijili, timapaketi ta mowa waukali timene madalaivala ndi makondakitala ena anali kubisa m'matumba. Mu 2018 dziko linakhala ndi ndondomeko yake ya za mowa, National Alcohol Policy.

Malamulo alipo okwanira. Koma lamulo lolembedwa pa pepala silinaimitsepo galimoto.

CIMENE CIMASINTHA KHALIDWE LA WOMWA

Akatswiri a za pamseu anapeza kalekale kuti munthu womwa saopa kwambiri kukula kwa cilango. Amaopa kugwidwa. Ngati adziwa kuti pa Cisanu ndi pa Ciweru usiku palibe wom'pima, amayendetsa ataledzera ngakhale cilango cikhale ndende. Koma akadziwa kuti angaimitsidwe pena paliponse, ola lina lililonse, ndi kuuzidwa kupuma m'kacipangizo, amasiya makiyi kunyumba.

Kacipangizo kameneka, kochedwa breathalyser, kanapangidwa ndi Robert Borkenstein wa ku America mu 1954. Kamagwira nchito cifukwa mbali ina ya mowa wa m'magazi imaturuka ndi mpweya wa m'mapapo, kotero kupima mpweya kumaonetsa mulingo wa m'magazi popanda kubaya munthu jekeseni. Cigawo ca New South Wales ku Australia cinayamba mu December 1982 kuimitsa ndi kupima oyendetsa mosasankha, ndipo imfa za pamseu zinatsika. Pamene akatswiri a bungwe la CDC ku America anasonkhanitsa zofufuza za maiko osiyanasiyana mu 2001, anapeza kuti malo opimira oyendetsa amacepetsa ngozi zobwera ndi mowa ndi pafupifupi 20 peresenti. Pa ngozi zisanu zilizonse za mowa, imodzi siicitika.

Koma kuti zitero, kupimako kuyenera kucitika kawirikawiri, pamalo oonekera, ndipo anthu azimva za iko pa wailesi ndi m'misika. Kupima kwa pa Khirisimasi ndi pa Isitala kokha kumaiwalika msanga. Apa ndi pamene nkhani ya ndalama imalowera.

NDALAMA ZIMAGULA CIANI?

Anthu ambiri amaganiza kuti kugula tizipangizo ndiye kutha kwa nchito. Kugula ndi ciyambi cabe. Kacipangizo kalikonse kamafunika kukonzedwa ndi kuyesedwa ndi akatswiri pa nthawi zoikika, cifukwa kakayamba kunama, woweruza sangakhulupirire umboni wake ndipo wolakwa amamasulidwa. Munthu aliyense wopimidwa amafunika kapaipi kake katsopano kopumiramo, kuopa kupatsirana matenda monga TB ndi cimfine. Tikatha timapaipi, kacipangizo kamagona m'kabati.

Ngozi za mowa zimacitika kwambiri usiku ndi kumapeto kwa sabata. Motero pafunika galimoto yokhala ndi mafuta, matoci, majekete owala, zikwangwani zocenjeza ndi ndalama za apolisi ogwira nchito maola oonjezera. Pafunikanso maphunziro: wapolisi ayenera kudziwa kuimitsa galimoto mosaika moyo wake pangozi, kudikira mphindi 15 kapena 20 ngati munthu wangomeza mowa kumene kuti mowa wa m'kamwa usanamize kacipangizo, ndi kulemba bwino mapepala a mlandu. Pomaliza pafunika khoti lozenga milandu msanga. Ku Lusaka khoti lofulumiza milandu ya pamseu linayamba mu 2013, ndipo oyendetsa oledzera ambiri anaonekera m'menemo. Cimodzi mwa zinthu izi cikasowa, zonse zimagwa, monga mphika wa pa mafuwa atatu ukacotsapo limodzi.

NDALAMAZI ZIMACOKERA KUTI?

Ku America matauni ambiri ali ndi apolisi aoao. Kuyambira pa lamulo la Highway Safety Act la 1966, boma lalikulu limatumiza ndalama ku zigawo, ndipo zigawo zimagawira apolisi a m'matauni ndalama zosabweza zimene pa Cizungu amati grant. Apolisi amalemba pempho loonetsa kumene ngozi zikucitika, cimene adzacita ndi mmene adzawerengera zotsatira zake. Akalandira, amayenera kupereka lipoti. Imfa zobwera ndi oyendetsa oledzera kumeneko zinali pafupifupi 21,000 mu 1982, ndipo pofika 2011 zinatsika kufika pansi pa 10,000. Koma mu 2021 ndi 2022 zinakweranso kupitirira 13,000. Nchito imeneyi siitha: mukapumula, vuto limabwerera.

Kuno kwathu zinthu ndi zosiyana. Apolisi a ku Kabwe si a khonsolo, ndi a Zambia Police Service, imene ili pansi pa unduna woona za m'dziko ndipo imalandira ndalama zake kucokera ku thumba la boma ku Lusaka. Khonsolo ili ndi apolisi ake ocepa amene nchito yao ndi malamulo a m'tauni, monga a misika ndi mabala. Tsono ndalama zolimbana ndi kuyendetsa moledzera zimabwera ndi njira zinai.

Njira yoyamba ndi bajeti ya boma ya caka ndi caka, imene imalipira malipiro a apolisi, mafuta ndi zipangizo.

Njira yaciwiri ndi thumba la miseu. Mu 2002 nyumba ya malamulo inakhazikitsa mabungwe atatu: Road Development Agency yomanga miseu, National Road Fund Agency yosunga ndalama za miseu, ndi Road Transport and Safety Agency, imene tonse timaidziwa kuti RTSA, yoona za malaisensi ndi citetezo. M'thumba limeneli mumalowa msonkho wa pa mafuta a galimoto, umene unayamba mu 1993, ndi ndalama zina zolipidwa ndi eni magalimoto. Lamulo limalola kuti ndalamazi zigwire nchito ya citetezo ca pamseu kuonjezera pa kumanga ndi kukonza miseu. Maofisala a RTSA amagwira nchito pamodzi ndi apolisi a pamseu popima oyendetsa.

Njira yacitatu ndiyo ili pafupi kwambiri ndi inu owerenga: thumba la citukuko ca dera la phungu, CDF. Mu 2021 dera lililonse linali kulandira K1.6 miliyoni. Mu 2022 ndalamazi zinakwera kufika K25.7 miliyoni, mu 2023 K28.3 miliyoni, mu 2024 K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 K36.1 miliyoni. Mbali yaikulu imapita ku nchito zimene anthu eni ake apempha, monga makalasi, zipatala zazing'ono, mijigo, miseu ya m'midzi ndi mapositi a apolisi. Mu 2023 boma linagwiritsa nchito mbali ya ndalama za CDF kugula magalimoto a apolisi 156, imodzi pa dera lililonse la phungu. Ici cinaonetsa kuti ndalama za dera zingathe kuthandiza apolisi a m'deralo.

Njira yacinai ndi thandizo locokera kunja. Bungwe la United Nations linatsegula thumba la citetezo ca pamseu mu 2018. Bungwe la Bloomberg Philanthropies linapatula madola 240 miliyoni a nchito yomweyi m'zaka za 2020 mpaka 2025, ndipo mizinda ya mu Africa monga Accra, Kumasi, Kampala ndi Addis Ababa inathandizidwa. Bungwe la Global Road Safety Partnership la ku Geneva laphunzitsa apolisi a m'mizinda yotere kapimidwe ka oyendetsa. Ku Addis Ababa, kupima kosalekeza pamodzi ndi macenjezo a pa wailesi kunatsitsa kwambiri ciwerengero ca oyendetsa opezeka atamwa.

ZOFUNIKA KUSAMALA

Thandizo la ndalama lili ndi misampha yake. Woyamba ndi wakuti limatha. Opereka thandizo amakonda kugula zinthu zooneka, zoti nkujambulidwa pa tsiku lozipereka. Pakapita zaka ziwiri, galimoto ilibe matayala, timapaipi tatha ndipo palibe wokonza tizipangizo. Pempho labwino liyenera kunena poyera kuti thandizo likadzatha, adzalipira mafuta ndi zokonzera ndani.

Msampha waciwiri ndi ziphuphu. Kacipangizo kopimira kakakhala m'manja mwa munthu wosakhulupirika kamasanduka khasu lolimira ndalama. Woledzera amapereka kangacepe napitiriza ulendo, ndipo amakapha munthu patsogolo. Wopereka ndi wolandira onse ali ndi mlandu, ndipo pali bungwe la Anti-Corruption Commission lolandira madandaulo otere. Njira zocepetsera vutoli zilipo: tizipangizo tosunga ciwerengero ca aliyense wopimidwa, wamkulu wa apolisi kukhalapo pamalo opimira, apolisi ndi a RTSA kugwirira pamodzi, ndiponso kulipira faindi ku banki osati m'manja mwa munthu.

Msampha wacitatu ndi kuwerenga molakwa. Kuculuka kwa ogwidwa kapena kwa ndalama za faindi si cizindikiro cakuti nchito ikuyenda bwino. Colinga ndi cakuti anthu aleke kuyendetsa atamwa. Mafunso oyenera ndi awa: Mwapima anthu angati mwezi uno? Pa anthu 100 opimidwa, opezeka ndi mowa ndi angati, ndipo ciwerengeroco cikutsika kodi? Nanga ovulala ofika ku cipatala cacikulu ca Kabwe usiku wa Cisanu ndi Ciweru akucepa? Apa anamwino ndi madokotala ali ndi mbali yao, cifukwa mabuku a ku cipatala ndiwo amanena zoona za mmene mseu ulili.

KODI ANTHU A KU MPIMA ANGACITE CIANI?

Mutu umodzi susenza denga. Pempho lililonse la CDF limayambira pa msonkhano wa anthu a m'dera, lipita ku komiti ya citukuko ya wodi, kenaka ku komiti ya CDF ya dera la phungu, lisanabvomerezedwe ndi boma. Amene safika pa misonkhano imeneyi asadabwe nkhani ya ngozi ikapanda kuchulidwa. Pitani, ndipo nenani malo enieni amene anthu amagundidwa, masiku ake ndi maola ake. Mipingo, makomiti a makolo ndi aphunzitsi, a pamsika ndi magulu a madalaivala akalankhula ndi mau amodzi, amamveka kuposa munthu mmodzi.

Funsani khansala wanu ndi mkulu wa apolisi mafunso olunjika, mwaulemu. Kodi apolisi a pamseu ali ndi tizipangizo topimira tingati togwira nchito? Tinayesedwa liti? Galimoto ya apolisi imayendera dera lathu usiku wa kumapeto kwa sabata? Funsaninso khonsolo za mabala otsegula mpaka mbandakuca ndi ogulitsa mowa pa masitesheni a mabasi. Pemphani nyali za mumseu, mahampu ndi malo oolokera ana pafupi ndi masukulu, cifukwa izi zimateteza woyenda pansi ngakhale wapolisi palibe.

Palinso zimene sizifuna ngwee ngakhale imodzi. Mukamva fungo la mowa kwa dalaivala wa minibasi, tekisi kapena njinga yamoto, musakwere, ndipo ngati mwakwera kale, pemphani kutsika. Uzani apolisi pa nambala ya 991 kapena a RTSA pa 983, ndi kuchula nambala ya galimotoyo ndi kumene ikupita. Pa ukwati, pa maliro kapena pa phwando lina lililonse, sankhani pasadakhale munthu amene sadzamwa kuti ndiye adzayendetse. Amai, mlandeni makiyi mwamuna kapena mwana wanu akabwera ataledzera. Ndi bwino akwiye usiku umodzi kusiyana ndi kukam'zonda ku ndende kapena kukam'tenga ku mocale. Eni maminibasi aziona nkhope za madalaivala ao m'mawa asanawapatse makiyi. Oyenda pansi ndi opalasa njinga nawonso asamale: woledzera woyenda m'mbali mwa mseu usiku atabvala zakuda ali pa ngozi yaikulu.

Ngati inu eni muona kuti simungathe tsiku osamwa, kapena manja amanjenjemera m'mawa mpaka mutalawako, amenewo ndi matenda ndipo ali ndi cithandizo. Pitani ku kiliniki yapafupi mukalankhule ndi namwino kapena dokotala, ndipo musaleke mwadzidzidzi popanda uphungu wao, cifukwa kutero kungabweretse kukomoka kwa munthu amene wamwa kwambiri kwa zaka zambiri. Mukapatsidwa mankhwala alionse, funsani ngati mungayendetse galimoto mutamwa.

Ndalama zothandiza apolisi ndi zanu, pakuti zimacokera ku misonkho imene mumalipira pogula mafuta, sopo ndi shuga. Muli ndi ufulu wofunsa mmene zikugwirira nchito, ndipo msonkhano wotsatira wa komiti ya wodi yanu ndiwo malo oyambira.